Kodi bowa ndi chomera? Njira yopezera ufumu wa chamoyo chilichonse

Sipatha sabata osabwera wina kudzandifunsa kuti, "Kodi bowa ndi chomera?" Ndikayankha kuti ayi, mawa lake yemweyo amabwera ndi ndere, mkuja ndi yisiti, kenako ndi kachilombo ka malungo. Ndatopa nako kuyankha chamoyo chimodzichimodzi. Mitundu ya zamoyo imene akatswiri anaipatsa kale mayina imaposa miliyoni imodzi ndi theka, ndiye palibe angailoweze yonse. Chimene mungasunge m'mutu ndi mafunso ochepa komanso dongosolo lowafunsira. Ndawalemba pano kamodzi kuti wofunsanso ndizingomulozera.

Mawu oti ufumu asakusokonezeni, mulibe mfumu mmenemo. Ndi dzina la gulu lalikulu la zamoyo zofanana kapangidwe ka maselo ndi kadyedwe. Mu 1735 Carl Linnaeus wa ku Sweden anagawa zamoyo pawiri, zomera ndi nyama, ndipo ufumu wake wachitatu unali wa miyala. Tizamoyo tosaoneka ndi maso tinali titaonedwa kale ndi Antonie van Leeuwenhoek ku Delft m'zaka za m'ma 1670, koma kwa nthawi yaitali tinkangokankhidwira kumene taoneka kuti tikukwana. Ernst Haeckel anapatsa tizamoyo timeneti ufumu wawowawo wa Protista mu 1866. Herbert Copeland anapatula mabakiteriya mu 1938, ndipo Robert Whittaker mu 1969 anachotsa bowa pakati pa zomera. Apo ndi pamene panachokera maufumu asanu amene mabuku ambiri a sukulu amaphunzitsabe: Monera wa mabakiteriya, Protista, Fungi wa bowa ndi nkhungu, Plantae wa zomera, ndi Animalia wa nyama. Tigwiritsa ntchito asanu amenewa. Za mabuku otchula asanu ndi limodzi kapena kuposa ndinena kumapeto.

1. Yambani mwaika pambali mawu amene timayankhula tsiku ndi tsiku

Ambiri amaphonya asanayang'ane n'komwe chamoyocho, chifukwa dzina lawapatsa kale yankho. Pocheza tikati nyama timaganiza za mbuzi, gwape kapena mkango. Nsomba timangoti nsomba, mbalame timangoti mbalame, ndipo munthu mukamutcha nyama mwamutukwana. Koma mu ufumu wa Animalia muli zonsezi, kuphatikizapo nyongolotsi, nkhono, udzudzu ndi inu nomwe.

Mawu oti tizilombo ndiwo oopsa zedi. Chiwala ndi kachilombo, koyambitsa chifuwa chachikulu ndi kachilombo, ka malungo ndi kachilombo, ka chikuku nakonso ndi kachilombo. Mawu amodzi, koma chiwala chili ku Animalia, ka chifuwa chachikulu ku Monera, ka malungo ku Protista, ndipo ka chikuku kalibe ufumu uliwonse mwa asanuwa. Ndere nazo chimodzimodzi. Timatchula dzina limeneli zobiriwira zoterera za m'madzi, tiwiya tobiriwira tomera pakhoma lachinyezi, ngakhalenso zotuwa zokakamira pamwala kapena pakhungwa la mtengo, chikhalirecho sizili gulu limodzi. Nkhungu imene ndizitchula pano si ya m'mawa ija, koma imene imamera pa chinthu chosungidwa pachinyezi.

2. Funsani ngati chili ndi maselo

Selo ndi kachipinda kakang'ono kamoyo, kokutidwa ndi kachikopa kopyapyala, kamene thupi la chamoyo chilichonse linamangidwa nako. Maufumu onse asanu ndi a zinthu za maselo. Vairasi alibe selo. Ndi kachingwe ka DNA kapena RNA, zinthu zosunga malangizo a chibadwa, kokulungidwa m'chovala cha mapuloteni, ndipo sangachulukane pokhapokha atalowa m'selo la chamoyo china. Ngati chimene mwapatsidwa ndi vairasi, imani pomwepa, musamukakamizire ku Monera poti ndi wamng'ono. Akatswiri a mavairasi ali ndi kagawidwe kawokawo.

3. Funsani ngati selolo lili ndi nyukiliyasi

Nyukiliyasi ndi kathumba ka m'kati mwa selo kamene kamasunga DNA. Zamoyo zimene DNA yake yangokhala m'selo yopanda kathumba zimatchedwa ma prokaryote, ndipo zonse zimapita ku Monera. Zokhala ndi kathumbako ndi ma eukaryote, ndiwo maufumu anayi otsalawo. Funso limeneli limadula ntchito pakati, n'chifukwa chake limabwera msanga.

Ngati muli ndi maikulosikopu, dzionereni nokha. Sendani kakhungu kopyapyala ka m'kati mwa chikamba cha anyezi, kayaleni pagalasi kasanapindike, dontheziranipo ayodini, kenako phimbani ndi kagalasi kena mopendeketsa pang'onopang'ono kuti mpweya usatsekeredwe. Mudzaona maselo atandandalikana ngati njerwa pakhoma, lililonse lili ndi kadontho kakuda pang'ono, nthawi zambiri chakumbali. Kadontho kameneko ndiye nyukiliyasi. Mukapala pang'ono m'kati mwa tsaya lanu ndi kamtengo koyera n'kuthira utoto wotchedwa methylene blue, mudzaona maselo osalongosoka m'mbali, kadontho kabuluu kali pakati, ndipo mukakulitsa kwambiri mudzaona timadontho ndi timizere tating'onoting'ono titamatirira pamwamba pake. Amenewo ndi mabakiteriya a m'kamwa mwanu. Pagalasi limodzi mwaona mitundu yonse iwiri ya maselo, ndipo kusiyana kukula kwake simudzakuiwala. Mabakiteriya ambiri amakhala mamaikulomita 1 mpaka 5, pamene maselo ambiri a nyukiliyasi amakhala 10 mpaka 100. Mu milimita imodzi muli mamaikulomita 1,000.

Chenjerani ndi zinthu zitatu. Kusaona nyukiliyasi sikutanthauza kuti mulibe. Mwina simunathire utoto, mwina mwathamangira kukulitsa musanalunjike bwino. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chachiwiri, maselo ofiira a magazi a munthu alibe nyukiliyasi chifukwa amaitaya akamakhwima, koma munthu sakhala bakiteriya pa chifukwa chimenecho. Timaweruza chamoyo chonse, osati selo limodzi lapadera. Chachitatu, kukula kumangothandiza, sikugamula. Bakiteriya wotchedwa Thiomargarita namibiensis, amene anapezeka m'matope a pansi pa nyanja kufupi ndi gombe la Namibia, amafika mamilimita 0.75, woti mutha kumuona ndi maso.

Pomwepa ndi pamene ndere zina zimatulukira pagulu. Zimene zimatchedwa cyanobacteria ndi zobiriwira mopita kubuluu, zimadzipangira chakudya ndi dzuwa, zimatha kuphimba dziwe lonse, koma zilibe nyukiliyasi. Ndi mabakiteriya basi. Mukanayamba ndi funso la mtundu, mukanaziika ku zomera.

4. Werengani: selo limodzi kapena ambiri?

Nyama zonse ndi zomera zonse zili ndi maselo ambiri, ogawana ntchito. Ndiye mukapeza chamoyo cha nyukiliyasi chokhala ndi selo limodzi, maufumu awiriwo atuluka. Chatsala ndi Protista kapena Fungi. Anthu amaiwala Fungi apa. Yisiti ndi selo limodzi, amachulukana pophuka kamphukira m'mbali, koma ndi m'bale wa bowa. Kumbali inayi, si zonse za ku Protista zimene zili zazing'ono. Ndere ya m'nyanja yotchedwa Macrocystis imatha kutalika kuposa mamita 40. Choncho funsoli limachepetsa malo ofufuza, yankho lenileni silikhala pano.

5. Onani ngati selo lili ndi khoma, ndipo khomalo ndi la chiyani

Selo lililonse lili ndi kachikopa. Khoma ndi chinthu china, cholimba, chokhala kunja kwa kachikopako. Ambiri amasokoneza ziwirizi n'kulemba kuti maselo a nyama alibe chokutira, zomwe si zoona. Alibe khoma lokha.

Pagalasi la anyezi lija dontheziranipo madzi a mchere wambiri. Pakapita mphindi zochepa zam'kati mwa selo zimanyala n'kuchoka m'mbali, koma mizere ya njerwa ija imatsala chilili. Chotsalacho ndiye khoma. Selo la nyama likaikidwa m'madzi a mchere limakhwinyata lonse, ndipo selo lofiira la magazi likaikidwa m'madzi opanda kanthu limatupa mpaka kuphulika, poti palibe choligwira.

Khoma la zomera ndi la cellulose, chinthu chomwecho chimene chili mu thonje ndi pepala. La bowa ndi nkhungu ndi la chitin. La mabakiteriya ndi la peptidoglycan. Nyama zilibe. Zimenezi si zongoloweza pa mayeso ayi. Penicillin, amene Alexander Fleming anamutulukira mu 1928 kuchokera ku nkhungu, amagwira ntchito polepheretsa bakiteriya kumanga khoma lake la peptidoglycan. Maselo anu alibe khoma limenelo, n'chifukwa chake mankhwalawo amapha bakiteriya osawononga maselo anu, ndipo n'chifukwa chakenso sachiza zipere kapena malungo.

Msampha uli pa chitin. Chikamba cha nkhanu ndi cha chiwala chilinso ndi chitin, koma ndi chovala cha thupi lonse, osati khoma la selo lililonse. Mukaona mawu oti chitin musathamangire kulemba Fungi, funsani kaye kuti chili pati.

6. Fufuzani kadyedwe kake

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo ndi pamene ambiri ofotokoza amangodutsapo ndi mzere umodzi: zomera zimadzipangira chakudya, zina zonse zimadya zinzake. Mzere umenewu umaika bowa ndi fisi m'khola limodzi. Whittaker anaona kuti njira zodyera ndi zitatu, ndipo ndi zimene zinamuchititsa kupatula bowa.

Njira yoyamba ndi kudzipangira. Chamoyo chimatenga madzi ndi mpweya wa carbon dioxide n'kupanga shuga ndi mphamvu ya kuwala, pogwiritsa ntchito chlorophyll, chimene chimabiriwiritsa masamba. Dzina la ntchitoyi ndi photosynthesis. Chomera sichidya dothi. M'dothi chimangotengamo madzi ndi michere, chakudya chenicheni chimapangidwa m'masamba. Mukafuna umboni, thyolani tsamba limene lakhala padzuwa maola angapo, liviikeni m'madzi owira kwa mphindi imodzi, kenako liikeni mu botolo la spiriti limene mwaliimika m'madzi otentha mpaka tsambalo litayera. Spiriti musamuike pamoto, amayaka mosachenjeza. Zimitsani moto kaye. Tsukani tsambalo m'madzi ofunda kuti lifewe, liyaleni, thiranipo ayodini. Likada mopita kubuluu ndiye kuti muli sitachi, nkhokwe ya shuga amene lapanga. Tsamba la chomera chimene chakhala mumdima masiku awiri silida.

Njira yachiwiri ndi kumeza. Chamoyo chimalowetsa chakudya m'thupi chikadali chigawo, n'kukachigayira m'kati. Ndi mmene nyama zimachitira.

Njira yachitatu ndi kuyamwa, ndipo ndi imene imavuta kuiona chifukwa palibe pakamwa poti muloze. Bowa amagaya chakudya chikadali kunja kwa thupi lake. Thupi lake lenileni ndi timaulusi topyapyala kwambiri, totchedwa hyphae, timene timalowerera m'chinthu chimene akudyacho. Timaulusito timatulutsa timadzi togaya totchedwa ma enzyme, chakudyacho chimasungunuka pomwepo, kenako timayamwa zosungunukazo kudzera m'makoma ake. Tinganene kuti bowa amakhala m'kati mwa chakudya chake, pamene nyama imaika chakudya m'kati mwake. Kachipewa kamene timakaona pamwamba pa nthaka ndi kobalira chabe, kofalitsira timbewu tonga fumbi totchedwa ma spore. Mwini wake ali pansi, ndipo amatha kukula modabwitsa: ku Oregon m'dziko la America kuli bowa mmodzi wa mtundu wa Armillaria amene ulusi wake unayala dera la pafupifupi masikweya kilomita 9.

Kuti muzione ndi maso, nyowetsani pang'ono kachidutswa ka buledi, katsekereni mu pulasitiki yoonekera m'kati, kasiyeni pamalo ofunda masiku angapo. Mudzaona ubweya woyera ngati thonje, kenako timitu takuda pansonga za timaulusi toimirira. Ndi galasi lokulitsa zinthu yang'anani m'munsi mwa ubweyawo: timaulusi tina talowa m'buledi, ndipo pamene talowapo buledi wafewa ndi kunyowa kuposa pena ponse. Kufewa kumeneko ndi kugaya kumene kukuchitika kunja kwa thupi. Pulasitikiyo musaitsegule n'kumanunkhiza, ma spore ake si abwino m'mapapo.

Ndiye funso lenileni pa sitepe ino ndi ili: chakudya chikugayidwira kuti, m'kati kapena kunja? Mukaliphatikiza ndi la khoma lija, zamoyo zambiri za maselo ochuluka zimagwera pamalo pake zokha. Khoma la cellulose ndi kudzipangira, Plantae. Khoma la chitin ndi kuyamwa, Fungi. Kupanda khoma ndi kumeza, Animalia.

Koma pali zoukira lamulo, ndipo ofunsa mayeso amazikonda. Kangaude amalavulira timadzi togaya m'thupi la ntchentche n'kumapopa zosungunuka. Kodi ndi bowa? Ayi, maselo ake alibe khoma, ali ndi pakamwa, matumbo, minofu ndi mitsempha. Njoka ya m'mimba yaphanthiphanthi ija ilibe pakamwa ngakhale matumbo, imayamwa chakudya chogayidwa kale kudzera pakhungu lake lonse, komabe ndi nyama: ilibe khoma la selo, ili ndi minofu, imaikira mazira. Chomera cha Dionaea, cha ku North Carolina ndi South Carolina, chimatseka tsamba n'kugwira ntchentche, koma shuga wake chimapangabe ndi dzuwa; ntchentcheyo imangochipatsa michere monga nayitirojeni, imene ili yochepa m'dothi la madambo kumene chimamera. Rafflesia wa ku nkhalango za Sumatra ndi Borneo alibe masamba, tsinde kapena mizu, amakhala ngati ulusi m'kati mwa mpesa wina n'kumayamwa, zongofanana ndi bowa. Koma nthawi ikakwana amatulutsa duwa lofika pafupifupi mita imodzi m'mimba mwake, n'kubala mbewu. Bowa sachita maluwa.

Phunziro la zoukirazi ndi loti chamoyo chimatha kutaya chizindikiro chimene abale ake ali nacho, makamaka chikazolowera kudyera chinzake. Kadyedwe kakakusokonezani, bwererani ku khoma la selo, kenako onani kaberekedwe ndi kakulidwe. Maluwa, mbewu, kapena mluza woleredwa m'thupi la chomera chimene chaubala, ndi za Plantae. Dzira ndi umuna zokumana n'kupanga kampira ka maselo kamphako m'kati, kotchedwa blastula, ndi za Animalia. Pali chizindikiro chinanso chothandiza: zomera zimasunga chakudya ngati sitachi, pamene nyama ndi bowa zimasunga ngati glycogen. Si mwangozi zimenezi. Kafukufuku wa DNA anaonetsa kuti bowa ali pachibale chapafupi ndi nyama kuposa ndi zomera, ngakhale maso amakana.

Mwaona kuti mpaka pano sindinafunse ngati chamoyocho chimayenda. Ndachita dala. Ndi funso limene limagwetsa anthu ambiri kuposa lina lililonse. Siponji wa m'nyanja amakhala pamalo amodzi moyo wake wonse wauchikulire, alibe ngakhale mitsempha, koma ndi nyama: maselo ake alibe khoma ndipo amasefa tizakudya m'madzi n'kutimeza. Makorali amaoneka ngati miyala kapena tchire, koma ndi tinyama tokhala ndi pakamwa ndi timanja toluma. Mabakiteriya ambiri amasambira. Chomera cha Mimosa pudica chimapinda masamba mukangochikhudza. Mtundu wobiriwira nawo ndi chikomekome cha nkhuyu. Nkhono ya m'nyanja yotchedwa Elysia chlorotica ndi yobiriwira ngati tsamba chifukwa imasunga ma chloroplast, timatumba tokhala ndi chlorophyll, a ndere zimene yadya, ndipo ikadali nyama.

7. Protista muzifikako pomaliza

Ufumu umenewu ndi mosungira zotsala. Chilichonse cha nyukiliyasi chimene chalephera kukwana ku zomera, nyama kapena bowa chimaponyedwa kuno, ndipo zambiri za mmenemu sizili pachibale n'komwe. Ndiye musamafufuze chizindikiro chimodzi cha Protista, kulibe. Mumafikako mutatseka makomo ena atatu aja.

Amoeba ndi selo limodzi lopanda khoma, limazinga chakudya ndi thupi lake n'kuchimeza. Limadya ngati nyama, koma selo limodzi silingakhale Animalia. Paramecium amapalasa madzi ndi tiubweya tambirimbiri. Plasmodium wa malungo ndi Trypanosoma wa kaodzera ali momwemu. Euglena ndiye amene ankaimitsa mitu akatswiri akale: ali ndi ma chloroplast ndipo padzuwa amadzipangira chakudya, ali ndi kamchira kosambirira, alibe khoma la cellulose, ndipo mumdima amatha kukhala ndi moyo poyamwa zakudya za m'madzi. A zomera ankati ndi wawo, a nyama ankati ndi wawo. Zoterezi ndi zimene zinachititsa kuti pafunike ufumu wachitatu wa zamoyo, wa Protista.

Ziwiri izi zimanamiza ngakhale odziwa. Pali chinthu choterera, nthawi zina chachikasu, chimene chimayala pa chipika chowola n'kubala ma spore ngati nkhungu. Mukachiyang'ana m'mawa ndi madzulo mudzapeza chasuntha, chifukwa chimakwawa n'kumameza mabakiteriya. Chomeza si bowa; chimenechi ndi cha ku Protista. China ndi Phytophthora infestans, amene anaoletsa mbatata ya kachewere ku Ireland kuyambira 1845 n'kubweretsa njala yoopsa. Ali ndi timaulusi, amayamwa, ndipo kwa zaka zambiri ankawerengedwa ngati nkhungu. Koma khoma lake lili ndi cellulose m'malo mwa chitin, ndipo abale ake enieni ndi ndere zofiirira za m'nyanja. Apa mpamene mumaona phindu la sitepe 5.

Tibwerere ku ndere tsopano, poti ndinazisiya m'malere. Zobiriwira za m'madzi zikakhala zopanda nyukiliyasi, Monera. Zikakhala nayo, monga Spirogyra wa timaulusi toterera, mabuku a maufumu asanu ambiri amaziika ku Protista chifukwa zilibe mizu, tsinde ndi masamba enieni ndipo sizilera mluza. Mabuku ena amaika ndere zobiriwira ku Plantae poti ndiwo abale apafupi a zomera za pamtunda. Tiwiya ta pakhoma lachinyezi tija, tokhala ndi timasamba tating'ono, ndi zomera zenizeni ngakhale sitichita maluwa. Zotuwa za pamwala ndi pakhungwa zija ndiye nkhani ina. Si chamoyo chimodzi. Ndi bowa amene wasunga ndere zobiriwira kapena cyanobacteria pakati pa ulusi wake. Iye amapereka pokhala ndi chinyezi, izo zimapereka shuga. Simon Schwendener atanena zimenezi mu 1867 anzake ambiri anamutsutsa. Dzina la sayansi la chinthu chotere limatsata bowayo, choncho mukakakamizidwa kutchula ufumu umodzi, tchulani Fungi, koma fotokozani kuti muli awiri.

8. Lembani yankho limodzi ndi zifukwa zake, ndipo dziwani kagawidwe kamene buku lanu likutsata

Kungolemba kuti Fungi n'kusiya pomwepo ndi theka la yankho. Lembani motsata mafunso aja: yisiti ali ndi nyukiliyasi, ndi selo limodzi, khoma lake lili ndi chitin, alibe chlorophyll, amayamwa shuga, choncho ndi Fungi. Zizindikiro zitatu zogwirizana ndi zokwanira nthawi zambiri. Chimodzi chokha, ngakhale chioneke champhamvu bwanji, musachikhulupirire.

Yesani njirayi pa matenda asanu awa musanawerenge mayankho: kolera, malungo, zipere, likodzo, chikuku. Kolera amayamba ndi Vibrio cholerae, wopanda nyukiliyasi, Monera. Malungo, selo limodzi la nyukiliyasi lopanda khoma, Protista. Udzudzu umene umawanyamula ndi nyama, koma si umene mwafunsidwa. Zipere, timaulusi toyamwa pakhungu, Fungi. Likodzo limabwera ndi nyongolotsi za Schistosoma, za maselo ambiri opanda khoma, zokhala ndi pakamwa, Animalia. Chikuku chinaima kale pa sitepe 2, poti chimayamba ndi vairasi. Ngati mwakhoza zinayi, njirayi mwaigwira.

Tsono za mabuku osiyana. Mu 1977 Carl Woese ndi George Fox anayerekeza RNA ya m'maribosomu, tinthu ta m'selo topanga mapuloteni, a tizamoyo tosiyanasiyana, n'kupeza kuti Monera muli magulu awiri otalikirana kwambiri. Lina ndi la mabakiteriya amene timawadziwa. Linalo, limene pano limatchedwa Archaea, lilibe peptidoglycan m'khoma, ndipo mafuta a m'kachikopa kake ndi opangidwa mwina. Ena mwa iwo amakhala m'akasupe otentha kapena m'madzi a mchere wadzaoneni, ena m'mimba mwa ng'ombe kumene amatulutsa mpweya wa methane, koma ambiri ali m'nyanja ndi m'dothi wamba. Mabuku ambiri amene amati maufumu ndi asanu ndi limodzi angogawa Monera pawiri, Eubacteria ndi Archaebacteria. Mu 1990 Woese ndi anzake anaika gawo lina pamwamba pa ufumu, lotchedwa domain, ndipo alipo atatu: Bacteria, Archaea ndi Eukarya, mmene muli zamoyo zonse za nyukiliyasi. Thomas Cavalier-Smith nayenso mu 1981 anapatula ufumu wa Chromista, kumene kumapita ndere zofiirira ndi Phytophthora uja. Akatswiri ambiri masiku ano saonanso Protista ngati gulu lenileni la pachibale, ndipo ine ndimagwirizana nawo, koma pophunzira ndi kabokosi kothandiza.

Kusiyana kwa Bacteria ndi Archaea simungakuone pa maikulosikopu ya m'kalasi, onse amaoneka timadontho ndi timizere. Funso likafuna kuti muwasiyanitse lidzakupatsani lokha chizindikiro, monga khoma lopanda peptidoglycan kapena kutulutsa methane. Samalani ndi Mycoplasma: alibe khoma lililonse, koma ndi bakiteriya. Tsegulani mutu woyamba wa nkhaniyi m'buku limene mukugwiritsa ntchito, werengani kuti latchula maufumu angati ndiponso laika kuti ndere zobiriwira, ndipo poyankha nenani kumayambiriro kuti mukutsata kagawidwe kati.